Dzira Lobisika M'chapati

Lolemba, 7 Novembala 2016

Kope ili anatipatsa kusukulu ya kwacha. Sukuluyo inafa njala itafika, aphunzitsi nawo ali kuganyu ngati ife tonse. Masamba atsalamo ambiri. Ndizilembamo zanga, pang'onopang'ono monga ndimayendera, poti zina sindingaziuze munthu.

Lero ndinaperekeza Sharifa kusikelo. Mdzukulu wanga, mwana wa malemu Nasra. Mimba yoyamba, miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake Sadiki ali ku Joni, foni yake inasiya kupezeka kalekale. Panjira Sharifa anakhala pansi kawiri, akuti m'maso mukuchita mdima. Mapazi atupa ngati zigumu.

Anamwino anamukoka chikope, n'kumuyang'ana m'manja, kenako n'kuyang'ana ine.

"Agogo, mwanayu magazi alibe. Akudya chiyani?"

Ndinati zimene tikudya tonse.

"Zimene mukudya nonsezo n'chiyani?"

Mango ophika m'mawa, madzulo kaphala ka madeya. Ndinanena motsitsa ngati ndikuulula kuba.

Anamupatsa mapiritsi ofiira. Anati magazi akapanda kukwera lisanafike tsiku, akadzangotaya pang'ono pokha pobereka sitidzamuonanso. Anafunsa ngati tili ndi nkhuku. Ndinati imodzi, zina zinapita ndi chitopa. Ikuikira? Ikuikira, tikusunga kuti iswe. Anati zoswazo muiwale, dzira limodzi m'mawa uliwonse.

Sharifa anayankha yekha. "Iyayi, mazira ine ayi. Anganga anandilangiza."

Anganga akewo ndine. Nakanga wa mudzi uno, wolangiza atsikana zaka makumi atatu. Pa litiwo lake, tsiku lomulangiza za mimba yoyamba, ndinaimirira pakati pa amayi n'kunena ndi mawu aakulu kuti dzira lilibe khomo, wapakati akadya mwana amasowa potulukira. Amayi anaimba nthungululu. Lero nthungululu panalibe. Ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi ngati ndaziona koyamba.

Tisanabwerere a Chester, alangizi a zaumoyo, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo kuti ationetse kaphikidwe ka soya. Anasinja soya wonyika, n'kufinya mkaka, n'kuuteleka pamoto. Apa ine tulo tinandiba. Dzuwa la Novembala, m'mimba mopanda kanthu. Podzidzimuka ndinapeza mkaka uja wasanduka zibuma zoyera, akuzikazinga ndi tomato. Akuti dzina lake tofu, amamanga thupi ngati nyama. Kuoneka kwake mazira okazinga ndendende, kungoti n'zoyera. Anafunsa ngati alipo amene sanamve. Ine nakanga ndikweze dzanja pamaso pa ana amene ndinawavinira ndekha? Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Lachiwiri, 8 Novembala

M'mawa ndinayesa kubweza mawu anga. Ndinayambira kutali ngati munthu wodzapempha mchere. Ndinati masiku ano zinthu zinasintha, taona ngakhale ine ndikulemba. Ndinati mwina nkhuku za masiku ano mazira ake ndi ena.

Anandiyang'ana. "Nanga amayi anga?"

Ndinanyamuka kukasesa pamene ndinali nditasesa kale.

Ndilembe, lidziwe kope lokhali. Nasra anamwalira pobereka Sharifa. Sharifa ali ndi zaka khumi anandifunsa chimene chinapha mayi ake, ine n'kumuuza kuti ankaba mazira ali ndi pakati. Ndi zimene ndinauzanso mudzi pamaliro. Nasra sanadye dzira. Ndine ndinamusunga m'nyumba masiku awiri akubuula, ndikunena kuti ndabereketsa anthu ambiri, kuchipatala kumapita osadziwa. Pamene tinkamukweza pangolo nthawi inali itatha kale. Mwana anatuluka wamoyo, mayi ayi.

Bodza lija ndinaliumba ndekha, ndipo ndinaliwotcha bwino. Lero ndikuligogoda silikusweka.

Nkhuku yaikira. Mazira akwana anayi m'dengu. Tikuwayang'ana anthu awiri anjala.

Lachitatu, 9 Novembala

Ndaganiza. Ngati zoyera za a Chester zija zikufanana ndi mazira, dzira likhoza kubisalamo osadziwika. Nkhalamba ya imvi mutu wonse, yopemphera swala zisanu patsiku, ikukonza bodza latsopano kuti ichize lakale. Asitaghafirullah, Mulungu andikhululukire.

Soya ndili naye theka la ndowa, wa mbewu. Mvula sikuoneka, kumwamba kwayera ngati mbale yotsuka. Ndatapa makapu awiri n'kunyika.

Lachinayi, 10 Novembala

Ndinapukusa makoko. Ndinasinja mumtondo mpaka msana unayamba kundiwerengera zaka. Ndinathira madzi, n'kufinya mumpango wakale. Mkaka unatuluka, woyera ndithu, ndinanyada. Ndinauwiritsa. Mpaka apa ndinali maso tsiku lija.

Tsopano a Chester anathiramo chiyani pamene ndinkawodzera? Ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino. Chimene chimasintha ndiwo n'chiyani? Chidulo. Therere chidulo, chigwada chidulo, nkhwani chidulo. Ndinakonza changa chaukali cha phulusa la mapesi a nandolo n'kuthiramo kapu yonse.

Mkaka sunagwirane. Unasanduka wotuwa, woterera, fungo lake ngati pochapira. Ndinawonjezera chidulo china poganiza kuti chachepa.

A Modester, anzanga oyandikana nawo nyumba kuyambira tili akazi atsopano, anasuzumira pampanda. Iwowa ndi a Katolika, pakamwa alibe chitseko.

"Abiti Sabiti, mwayamba kupanga sopo? Mutigaireko, zovala zada kuno."

Ndinakataya kudzala. Galu wawo Zatha anathamangira, ananunkhiza, n'kubwerera. Galu wa chaka cha njala, nthiti zonse pamtunda, kukana zophika zanga.

Zotsalira za mumpango ndinazikazinga ndi mchere n'kudya ndekha. Soya wa mbewu satayidwa kawiri tsiku limodzi.

Lachisanu, 11 Novembala

M'mimba mukulira ngati lole pachitunda. Kumzikiti ndinakhala pafupi ndi khomo.

Loweruka, 12 Novembala

Tinapita ku Rivirivi pa lole ya abale, ku arubaini ya alamu anga, sadaka ya masiku makumi anayi. Kale pa arubaini tinkadya mpunga ndi mbuzi mpaka kumasula nsalu. Lero phala lamadzi m'makapu, ashehe nawo anafupikitsa pemphero la dua. Mtsinje wauma, ana akukumba mumchenga.

Pobwerera lole inaima pa Balaka, ine n'kutsika kukaona mlongo wanga Usumani. Amakazinga chapati pafupi ndi siteshoni. Ali mnyamata anaphikira amwenye ku Limbe, ndiye amadziona ngati anafika ku India. Ndinamukokera kuseri n'kumuuza za mkaka ndi za dzira. Za Nasra ayi.

Anaseka mpaka kugwira mtengo wa shedi.

"Achemwali, chidulo? Mumkaka? Bwanji simunathiremonso fodya?"

Ndinati usandiseke, ndinakubereka kumsana iwe, unkandikodzera.

"Mkaka umadulidwa ndi chowawasa. Mandimu. Ngati kulibe, bwemba si uyo ali mbwee kwanuko? Nyikani bwemba, musefe, muzithira pang'onopang'ono mkaka mutauphula. Osatakasa ngati mukumenya mfiti."

Kenako anandiyang'ana cham'mbali. "Mazira munawatsekera pakhomo mudzi wonse, lero mukufuna kuwalowetsa pawindo?"

Ndinati ndiphunzitse kapena ndizipita.

Anati dzira pambale limaoneka, koma lokulunga m'chapati munthu amangoluma osayang'ana. Anandionetsa. Ufa wa tirigu, mchere, madzi ofunda, timafuta pang'ono, kukanda mpaka usiye kumata m'manja, kuuvundikira upume, kenako kuufutukula ndi botolo. Chiwaya chitenthe kaye. Anandipatsa ufa m'kajumbo, anati ndizisakaniza ndi wa chinangwa kuti ukhalitse, koma wa chinangwa usapose. Anandipatsanso manjano m'kapepala, ufa wachikasu uja amwenye amathira m'ndiwo.

"Tsiku loyamba musaikemo dzira. Aone yekha kuti chikasucho chikuchokera m'kapepalamu. Maso akazolowera, basi."

Ndinati iwe ukanakhala wakuba ukanalemera. Anati anaphunzira kwa akulu ake.

Lamulungu, 13 Novembala

Bwemba wagwira ntchito! Ndinangothira pang'ono, mkaka n'kupatukana pamaso panga, zibuma kwaokha, madzi achikasu kwaokha. Ndinaimba nthungululu ndekha m'khitchini, nkhuku n'kuthawa. Ndinakhuthulira mumpango, kumanga, n'kutsindikiza ndi mwala wa mphero. Masana ndinapeza chibuma chimodzi cholimba ngati chambiko chouma. Kulawa, sichikoma, sichiipa. Chili ngati munthu wopanda nkhani.

Chapati ndiye ayi. Choyamba chinatuluka ndi makona asanu. Chachiwiri ndinachulukitsa chinangwa, pokulunga chinathyoka ngati phale. Chachitatu chinalimba, ndikanakhoma pansi pa nsapato ndikanafika nacho ku Nayuchi wapansi. Zonse ndadya ndekha ndi mano anga anayi.

Lolemba, 14 Novembala

Ndinamuitana Sharifa kuti akhale pafupi aone zonse. Anyezi, tomato mmodzi, masamba a chisoso odula bwino, timafuta timene tinalandira pachithandizo cha njala, tongonyowetsa chiwaya. Ndinafumbutula chibuma cha soya ndi zala. Ndinatsegula kapepala ka manjano pang'onopang'ono ngati wamatsenga pamsika, n'kuwaza. Zonse zinasanduka zachikasu.

"Iii, anganga, ngati mazira!"

Ndinati ngati, koma si iwo, waona wekha. Mtima ukugunda ngati ndaba kale, pamene lero lokha ndinalibe mlandu.

Chapati chinavomera kupindika. Ndinaika pakati, kupinda m'munsi, kukulunga ngati mwana m'nsalu. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mwatsegula hotela, anganga? Mawa ndibwere ndi anzanga?"

Anamaliza chonse, n'kutola nyenyeswa pansalu yake. Kuseka kwake ndinali nditakuiwala.

Lachiwiri, 15 Novembala

Mlendo walowa.

Ndizilemba kuti mlendo chifukwa Sharifa anafika Sitandade 8, amawerenga kuposa ine. Ndangolemba chonchi n'kukumbukira kuti masamba akumbuyoku ndinalemba kale zonse poyera, dzira, dzira, dzira. Nzeru zanga zimabwera ngati sitima ya ku Nayuchi, anthu atatopa kale. Kope lizikhala kudenga.

Ndinamutuma kukathyola chisoso kuseri kwa chitsime. Atangokhota ndinaswa mlendo m'chibuma cha soya, kutakasa msangamsanga, anyezi wambiri kuti aphe fungo. Makoko ndinakwirira m'phulusa kudzala. Ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inkanena kuti nanga zikakhala zoona, khomo lija? Munthu ukanena chinthu zaka makumi atatu umayamba kuchiopa wekha.

Anadya. Anati lero chakoma kuposa dzulo. Ndinati dzanja likuzolowera.

Lachitatu, 16 Novembala

Mlendo wachiwiri. Bisimillah ndinanena kawiri, kamodzi ka chakudya, kamodzi ka bodza.

Lachinayi, 17 Novembala

Mwanayu amawerenga. Masana anabwera ndi dengu.

"Anganga, nkhuku ikutetera tsiku lililonse, koma mazira akadali khumi kuyambira Lolemba. Akupita kuti?"

Ndikanati njoka. Ndikanati khoswe, nyenga, khwangwala, zilombo zonse zopanda mwini zimene Mulungu analenga. Pakamwa panga panatuluka Zatha.

Sharifa anapita kukawauza a Modester mwaulemu. Mawu awo ndinawamva ndili m'nyumba.

"Zatha wanga? Amene amagona ndi anapiye? Chabwino. Ndimumanga. Tione."

Loweruka, 19 Novembala

Galu ali pachingwe pamtengo wa mango, dzuwa lonseli. Ndikadutsa amasiya kulira n'kundiyang'ana. Ndayamba kuzungulira njira ya kuseri popita kuchitsime. Nakanga wa mudzi kuthawa maso a galu.

Koma Sharifa lero wabwera ndi ndowa kuchokera kuchitsime osapumira panjira. Milomo ikuoneka ngati yayamba kufiira, kaya ndi maso angawa akundinamiza nawonso. Mapiritsi akumwa. Chapati chayamba kutuluka chozungulira, mbali imodzi yokha ndiyo imakana.

Soya watsika m'ndowa. Mvula ikagwa ndidzabzala chiyani, kaya. Ndidzaziona.

Lolemba, 21 Novembala

Zaululika.

Sharifa anali pakhonde, chapati chili m'manja, waluma kawiri. A Modester analowa pabwalo akukoka Zatha pachingwe. Amadziwa bwino kuti galu pakhomo pathu salowa, anachita dala.

"Mwadzuka bwanji kuno? Masiku anayi mnzangayu ali m'ndende. Mazira abwerera?"

Sharifa anati iyayi, akusowabe.

"Ohoo. Ndiye wakubayo ali ndi miyendo iwiri. Abiti Sabiti, mumupepese galu wanga."

Ndinati pepani, mwina ndi njoka. Anati musapepese ine, n'kumasula chingwe. Galu wanjala uja sanayang'ane munthu. Analunjika kudzala, n'kuyamba kufukula phulusa ndi miyendo yonse. Makoko anatuluka, oyera, oswedwa bwino pakati monga amaswera munthu wophika. Ena anali akadali onyowa, a m'mawa womwewu.

A Modester anayamba kuseka. "Njoka yake yodziwa kukwirira!" Kenako anaona nkhope ya Sharifa, kuseka n'kuthera pakhosi.

Sharifa anafutukula chapati chija pang'onopang'ono. Anayang'ana m'kati. Ananunkhiza. Anachiika pansi bwinobwino ngati chingaphulike, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akudzilowetsa chala kukhosi.

Atabwerera maso ali psuu anati, "Angati?"

Ndinati asanu ndi awiri.

"Ndakulakwirani chiyani, anganga? Mwatopa nane? Mukufuna ndiwatsatire amayi?"

Ndinangowerama n'kuyamba kutola makoko aja. Ine amene ndimalankhula kuchinamwali mpaka mawu kusasa.

A Modester anatola chingwe chawo. "Ine ndimangofuna kuyeretsa dzina la galu wanga," anatero motsitsa, n'kumapita. Chapati chinadyedwa ndi Zatha.

Lachiwiri, 22 Novembala

Sakulandira chilichonse chochokera m'manja mwanga, ngakhale madzi. Wadya mango awiri aawisi othyola yekha. Mapiritsi wasiya, akuti sakudziwanso chimene chili m'kati mwa chinthu chilichonse. Wakhala tsiku lonse atagwira mimba. Masana anandifunsa, osandiyang'ana, ngati kuli mankhwala otsegula njira munthu akadya kale.

Ndinafuna kumunenepetsa, ndamuchotsera ndi kochepa kamene ankadya. Mbuzi ikanaganiza bwino kuposa apa.

Lachitatu, 23 Novembala

Wagwa kuchitsime. Anabwera naye a Modester ndi amayi ena awiri atamugwira m'khwapa. Tinamugoneka pamphasa. Phala anamwa pang'ono chifukwa anaphika a Modester kwawo n'kumumwetsa okha.

Atatha anandikodola, tinapita kuseri kwa nkhokwe yathu yopanda kanthu. Sanayambe ndi nthabwala, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

"Abiti Sabiti, ngolo imene inanyamula Nasra inali ya malemu amuna anga. Ine ndinakwera nawo, mutu wake unali pamiyendo pangapa. Masiku awiri aja ndinkamva kubuula ndili kwanga. Pamaliro mutanena za mazira ndinatseka pakamwa, ndinati mayi wafedwa, musiyeni agwire chimene angagwire. Ndatseka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ine amene mumati ndilibe chitseko."

Ndinati ndikamuuza adzandida.

"Akudani kale. Bola akudeni akudya."

Ndinati ndipatseni masiku.

"Masiku ake ati? Mwamuona m'maso? Mawa dzuwa likafika pamutu, mukakhala simunanene ndinena ine. Ndipo ine ndikanena sindidzakometsera."

Zaka zonsezi ndimayenda pamudzi pano mutu uli m'mwamba, kuyesa chinsinsi ndi changa ndekha, pamene kuseri kwa mpanda munthu akundiyang'ana ngati mmene amandiyang'anira galu wake.

Lachinayi, 24 Novembala

M'mawa ndinasinja soya amene ndinanyika dzulo, kufinya, kuwiritsa, bwemba, mwala. Sindikudziwa kuti ndimakonzera ndani. Manja ankafuna chochita. Ndikusinja ndinkakonza mawu, abwino ndithu, oyambira pa makolo athu ndi mmene zinthu zinalili kale, chipatala chili kutali, ife osaphunzira.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinakakhala pakhonde pafupi ndi mphasa yake. Mawu okonza aja anathawa onse. Chimene chinatuluka n'chakuti, mayi ako sanadye dzira.

Anatembenuka.

Ndinati ndine ndinamuchedwetsa. Ndinati ndinkafuna anthu aone kuti mwana wa nakanga amabereka m'manja mwa mayi ake.

"Masiku angati?"

Awiri.

"Ankapempha kupita kuchipatala?"

Ankapempha.

"Kangati?"

Ndinati sindinawerenge. Anati yesani. Ndinati kambiri.

"Ndiye mazirawo?"

Ndinati ankawaopa kuposa iwe. Ngakhale dengu sankaligwira.

"Nanga zoti dzira lilibe khomo?"

Ndinati ndinazimva kwa amene anandilangiza, iwonso anazimva kwa ena. Ndi maso angawa sindinaonepo. Chimene ndinaona ndi munthu kutha magazi pangolo.

Nkhuku inayamba kutetera pomwepo, yopanda ulemu. Ndinkadikira kuti alire kapena anditukwane, ndikanalandira. Analankhula ndi mawu wamba ngati akufunsa za nkhuni.

"Mukudziwa kuti ine sindinawapempherereko amayi? Chiyambire tsiku munandiuza lija. Ndinkati munthu wanji wosankha dzira m'malo mwa mwana wake."



Anadzuka movutika. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, analilambalala. Anatenga nsalu yake n'kupita kwa a Modester. Sanabwere kudzadya, sanatumize mawu.

Lachisanu, 25 Novembala

Wabwera m'mawa dzuwa litangotuluka. Sanapereke salamu. Ndinali pakhonde ndi tasibihi, mikanda yanga yopempherera, m'manja, ndinangokhala osagwedezeka ngati munthu amene mbalame yamutera pafupi.

Analowa m'khitchini. Anasonkha moto. Anakanda ufa wotsala uja, kuuvundikira, kudula anyezi ndi chisoso. Anachotsa mwala pampango n'kufumbutula soya wa dzulo. Chapati chake choyamba chinatuluka chozungulira mbali zonse. Ine masabata awiri, iye kamodzi.

Kenako anatulutsa chiwaya ndi mbaula panja, pabwalo poyera pamene aliyense wopita kuchitsime akuona. Anatenga mazira awiri m'dengu. Anawaswa pamlomo wa chiwaya, kho, kho. Amayi awiri amene ndinawalangiza ndekha anaima panjira ndi ndowa pamutu, kuyang'ana iye, kuyang'ana ine. Makoko anawasiya pomwepo pansi. Manjano sanathire.

Anakulunga chimodzi chokha, chachikulu. Anakhala pamtondo atandifulatira n'kudya chonse, osafulumira. Fungo linkandipeza pakhonde, m'mimba mwanga n'kulira mopanda manyazi. Sanandigawire. Anamwa piritsi lake ndi madzi otunga yekha, n'kutsuka chiwaya.

Podutsa pakhonde anaima, maso ali kumpanda.

"Mwezi wamawa ndikukadikirira kuchipatala. Andiperekeza a Modester. Inu mudzamva uthenga."

Ndinati chabwino.

Anayenda pang'ono, n'kubwerera. Anakankhira ndowa ya soya kumapazi kwanga ndi phazi lake lotupa lija.

"Kusinja ine sindingathe, msana. Muzisinja inuyo."

Sanati anganga. Ndinati chabwino.